Mphunzitsi wa ndege imodzi apatsidwe malo pa mabwalo a boma

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mabwalo a ndege a kuno kuchigwa cha Shire. Timakumbukira kuti ku Bangula ndi ku Nsanje kuli mabwalo pokhapokha madzi akasefukira, monga mu 2015, pa Idai mu 2019 ndi pa Freddy mu 2023, pamene abale athu a ku Makhanga ankangofikiridwa pa boti kapena pa helikopita. Madzi akaphwa, mabwalowo amangokhala duu.

Pomwe zili choncho, achinyamata ambiri ofuna kuyendetsa ndege amakaphunzirira ku South Africa, ndipo amapita ndi okhawo amene kwawo kuli kangachepe. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amafuna maola osachepera 40 mumlengalenga, kapena 35 pa sukulu yovomerezeka, kuti munthu atenge laisensi yoyamba, yoyendetsera ndege osalipidwa. Ya ntchito imafuna maola 200, kapena 150 ngati waphunzira pa sukulu yovomerezeka. Maola amenewa ndiwo amadya ndalama, kuphatikizapo lendi ndi chakudya cha kudziko la eni. Maola oyambawo akhoza kuulukidwa konkuno. Dera lathu ndi lasee, ndipo mumlengalenga mulibe piringupiringu ngati pa Chileka, pomwe wophunzira ayenera kupatukira ndege zonyamula anthu.

Chofunika ndi malamulo olembedwa poyera onena za munthu amene ali ndi chiphaso chophunzitsa ndi kandege kamodzi, kaya ka Cessna 172 ka mipando inayi, amene akufuna kugwira ntchito payekha pa bwalo la boma. Pempho langa likupita ku nthambi yoyang'anira za ndege ya Malawi Civil Aviation Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017.

Pa za chitetezo pasakhale kunyengererana. Chiphaso cha mphunzitsi chikhale chosatha ntchito, adokotala azimuyeza pa nthawi yake, ndege izionedwa ndi makaniko wovomerezeka, ndipo inshuwaransi ikhale yoteteza wophunzira komanso mlimi amene ndege ingamugwere m'munda mwake. Wolephera izi asanyamuke n'komwe.

Koma pali zina zimene zimavala malaya a chitetezo pomwe ntchito yake n'kutsekereza osauka. Kulamula kuti aliyense akhale ndi shedi yakeyake ya ndege, ofesi yaikulu ndi ndege zingapo asanayambe, ndi kunena kuti aphunzitse ndi makampani olemera okha. Sukulu zoyendetsa galimoto zambiri zinayamba ndi galimoto imodzi, ndipo amene amayesa wophunzira ndi boma, osati mwini sukulu. Ku America, bwalo lililonse lolandira ndalama za boma lalikulu sililoledwa kupatsa kampani imodzi yokha ufulu wochita bizinesi ya ndege pamalopo. Eni bwalo amaika mlingo woti onse atsate, koma mlingowo suyenera kukondera. Mikangano imabukabe kumeneko, chifukwa amene analipira lendi ya shedi sakondwa kuona mnzake akuphunzitsa atangobwera ndi chikwama cha mabuku. Madandaulo akewo ndi omveka. Yankho lake ndi lakuti woima payekhayo azilipira msonkho wodziwika, wolembedwa, wokhala ndi lisiti, osati wokambirana kuseri.

Malamulowo aganizirenso za nyengo yathu. Mu Okutobala ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapyola madigiri 40. Mpweya wotentha umapepuka, injini imachepa mphamvu, ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Wongoyamba kumene aziuluka m'mamawa. Bwalo lopanda mpanda nalonso sachedwa kulisandutsa podyetsera ng'ombe ndi njira yachidule ya njinga za kabaza, choncho mafumu a m'mbali mwa bwalo adziwitsidwe masiku a maphunziro, ndipo msonkho uja uyambire kugula waya wa mpanda.

Bwalo la ku Nchalo sindikulikhudza, chifukwa ndi la kampani ya shuga ya Illovo. Ndikunena za okhawo amene ndi a boma.

Wowerenga,
Bangula, Nsanje