Kwa Bwanamkubwa wa Kasungu: Titsegulireni Maholo Tizionera Mafilimu N'kumatsutsana

Olemekezeka Bwana DC,

Pempho langa ndi loti kamodzi pa mwezi, m'maholo ndi m'ma TDC (malo ophunzitsira aphunzitsi) a boma lino, anthu azionera filimu yosankhidwa bwino, ndipo ikatha asamabalalike, azitsala n'kukambirana. Ndikudziwa kuti patebulo panu padzaza za fetereza, milatho ndi njovu zotuluka m'paki. Ndimvereni ndithu.

Mafilimu timaonera kale, ambirinso. Dutsani pa Santhe, pa Chamama kapena pa Nkhamenya madzulo, mumva chimkuzamawu chikulira pa vidiyo sho, pakhomo pali bolodi lolemba ndi choko. Ambiri ndi a ku China ndi ku Nigeria, DJ ataikapo mawu a Chichewa. Ma DJ amenewa sindikuwanyoza, luso ali nalo ndipo amaseketsa. Vuto n'loti amakutafunira zonse. Akuuziratu kuti uyu ndiye sitelingi, uyu ndi mfiti, uyu musamuwerengere afa pompano. Woonera amangodikira nkhonya yomaliza, ndipo potuluka funso limakhala limodzi: wapambana ndani?

M'chaka cha 2019 kunatuluka filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala kwa Wimbe, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Anaijambula ku Malawi konkuno. Ife tinaionera pakhonde, pa laputopu ya mwana wanga amene anabwera ku tchuthi, anansi atadzaza mpaka pabwalo. Poyamba kunali kuseka kokhakokha, chifukwa Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati bambo a William, ndi wa ku Britain, mnyamata wosewera ngati William ndi wa ku Kenya, ndiye Chichewa chawo chimatuluka chopindikapindika. Kusekako kunatha pamene anaonetsa anthu akukanganirana chimanga pamsika wa boma. Amene tinaona njala ya 2002 sitinafune DJ. Tinadya madeya ndi zitsa za nthochi. Timakumbukira kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndi kuti pamene boma limalengeza za tsokali mu February chaka chimenecho, kuno tinali titayamba kale kuika maliro.

Filimu itatha palibe ananyamuka. Mkangano unabuka pa njinga. Mufilimumo William akupempha bambo ake njinga kuti aidule apangire makina, bambowo n'kukana mwaukali. Achinyamata anati mdalayo anali wouma mutu. Mayi wina wamasiye anawayankha kuti inu simunagulitsepo mbuzi yomaliza. Njinga imene ija ndiyo inali miyendo ya banja lonse, ndipo kholo lanzeru silipereka chinthu chotsiriza chifukwa cha zimene mwana waona m'buku. Wina anati nanga bambowo akanapanda kugonja? Mayiwo anati anagonja inde, koma kukana kuja sikunali kupusa. Mpaka tinakagona osagwirizana.

Anakanganirananso za anthu amene anagulitsa mitengo kwa eni esiteti ya fodya. Ndi adyera, kapena njala ndiyo inasaina? Funso limeneli kwa ife si lamufilimu, poti aliyense akudziwa kumene nkhuni zowotchera fodya zinkachokera. Za mfumu imene inamenyedwa itanena zoona pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko, anthu anangoyang'anizana.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi chinachitika pambuyo pake. Mmodzi mwa anyamata aja amakonda kwambiri mafilimu a ku Nigeria. Tsiku lina anabwera kudzandifunsa kuti, “Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani mfiti imakhala gogo wosauka nthawi zonse? Bwanji sikhala bwana wa galimoto?” Mafilimu otere waonera kuyambira ali mwana, koma funsoli linali lisanamufikepo. Inu Bwana mukudziwa zimene zimachitikira nkhalamba m'midzi mwathu zikanamiziridwa ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Mnyamata amene wayamba kufunsa chonchi savuta kumuletsa kutola mwala.

Mkulu winanso, amene anawerenga buku la Kamkwamba la 2009, anatiuza kuti makina oyamba aja anayatsa mababu ndi wailesi, za kupopa madzi zimene zili mufilimumo zinabwera pambuyo. Ndiye tinafunsana chifukwa chimene opanga filimu anasinthira. Ena anati kuti nkhani ikome, ena anati azungu amafuna kuona mudzi wonse ukupulumuka ndi munthu mmodzi. Apa tsopano anthu anali akuweruza ndi wopanga filimu yemwe, chinthu chimene m'vidiyo sho sindinachimvepo.

Filimuyi inatulukira pa Netflix, malo oonerapo mafilimu pa intaneti, amene amafuna bando ndi ndalama mwezi ndi mwezi, choncho ambiri sangaifikire. Kuonetsa pagulu kumafunanso chilolezo cha eni filimu, ndipo kalata ya DC ingamveke kusiyana ndi yanga. A COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, angakuunikireni za umwini, ndipo palinso lamulo la 1968 loona za zisangalalo. Mafilimu a Amalawi alipo. A Shemu Joyah ndi a Joyce Mhango Chavula anapatako mphoto kunja, ndipo opangawo ayenera kulipidwa, asamangotamandidwa.

Ndichenjezeko pang'ono. Musatibweretsere mafilimu a uthenga aja, amene mtsikana akatenga mimba mphunzitsi amatembenukira kwa oonera n'kuwauza phunziro. Amenewonso ndi DJ, kungoti wavala tayi. Pasakhale zolankhula za alendo olemekezeka, pasakhale ma alawansi. Wotsogolera zokambirana azingofunsa, aonetsetsenso kuti amayi alankhula, yankho asapereke. Eni mavidiyo sho muwaitane, poti zimkuzamawu ali nazo ndipo oonera amawadziwa kuposa ife.

Zofunika ndi holo, projekita imodzi, jenereta kapena sola, ndi nsalu yoyera. Ngati n'kotheka muyambire kwa Wimbe, mukakolola, anthu asanayambe kusosa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mtunthama, Kasungu