Za Steffi ndi bambo ake

Mnzanga,

Uthenga wako unafika Lachiwiri koma kuyankha ndiye mpaka lero, magetsi kuno akumazima m'mawa kubwera usiku anthu titagona, foni imangokhala yothima. Koma iwe zoona mwezi wathunthu uli ku Mannheim ku Germany osadziwa kuti ndi komwe anabadwira Steffi Graf, katswiri wa tenisi uja? Mpaka achite kukuuza agogo ukuwasamalirawo? Iwe amene unkamanga tsitsi kumbuyo n'kumati ndiwe Steffi tikamamenya kampira ndi matabwa kuseri kwa hositelo? Achemwali ako ndawauza, aseka mpaka misozi. Ku Brühl akukunenako, komwe anakulira, ndi pafupi pomwepo, upiteko tsiku lopuma undijambulire ngakhale msewu wokha.

Wandikumbutsa fainolo ya French Open ya 1999 ija tinaonera kwa amalume ako, nthawi imeneyo dishi inali kwawo kokha mtaunishipi monse, tonse titakhala pamkeka azakhali akutikalipira kuti tikuponda mbale. Hingis ali ndi zaka 18, nambala wani padziko lonse, Steffi 29 bondo atachitidwa kale opaleshoni, aliyense ankati watha basi. Seti yoyamba Hingis anatenga, kenaka uja anadutsa ukonde kupita mbali ya Steffi kukaloza pomwe mpira unagwera, anthu a ku Paris n'kuyamba kumukuwiza, kumapeto mpaka anaseva cham'munsi. Steffi n'kupambana 4-6, 7-5, 6-2. Iwe unalumpha n'kutaya tiyi wa amalume. Chinali chikho chake chachikulu cha 22 ndipo chomaliza, ku Wimbledon anagonja kwa Davenport mufainolo, pofika Ogasiti anangoti ndasiya, zaka 30 zokha ali nambala 3 padziko. Palibe anamuthamangitsa, anachoka yekha akadali wamphamvu, ine chimenechi ndi chomwe ndimamulemekezera kuposa zikho zonse zija.

Koma chimene ndikulemberachi ndi china, chikundisowetsa tulo. Uthenga wako uja ndinawawerengera bambo a mwana, iwo n'kuyamba kufufuza pa intaneti, anapeza zoti bambo ake, Peter Graf, anadula chogwirira cha raketi n'kuyamba kumuphunzitsa Steffi pabalaza ali ndi zaka 3. Loweruka abwera ndi raketi ya pakaunjika, atenga sowo, adula. Amanga chingwe pakati pa mipando iwiri ya pabalaza. Mwana wangayu zaka 4 zokha iwe. Tsiku loyamba ankaseka, kampira kakagunda khoma iye kuwomba m'manja. Pano ndi tsiku lililonse akaweruka kuntchito, asanavule n'komwe nsapato, amuwerengera mpaka 20 akaphonya ayambirenso. Dzulo ndamupeza wabisala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini raketi ataiika mubeseni lochapira, akundiyang'ana osalankhula. Mtima unandipweteka.

Iwo akamba za 1988 zokhazokha. Inde ndikudziwa, chaka chimodzi Australian Open, French Open, Wimbledon, US Open ndi golide wa Olimpiki ku Seoul, fainolo ya ku Paris anamumenya Zvereva 6-0, 6-0 anthu asanakhazikike n'komwe pamipando, zaka zake zonse za tenisi kuphatikiza, masabata 377 ali nambala wani. Zonsezo sindikana. Koma ndikawauza kuti Steffiyo analowa tenisi ya akuluakulu ali ndi zaka 13, anzake ali kusukulu iye ali m'mahotela ndi bambo ake, amangoti ndiye kulimbikirako. Ndikawauza kuti bambo omwewo ndi amene ankasunga ndalama zake zonse, anamangidwa mu 1995 pa nkhani yozemba msonkho, mu 1997 khothi linawagamula zaka 3 ndi miyezi 9, amati ine ndimangoona zoipa. Tangoganiza, US Open ya 1995 anaipambana bambo ake ali m'chitokosi, ndipo amene ankasewera naye fainolo anali Monica Seles, yemwe uja anabayidwa mpeni kumsana ku Hamburg mu 1993 ndi munthu wopenga naye Steffi yemweyo kuti iye abwerere pa nambala wani. Mtsikana mmodzi kusenza zonsezi. Ife tinkangoona forehand ija ikulira, mutu uli pansi akuthamangira kukaseva ngati wachedwa basi, sitinkadziwa kuti mkatimo muli chiyani.

Sindikuti mwana asasewere ayi, ndikufuna azisewera, ndikamuona akuthamanga ndimasangalala. Ndikungoopa kuti tsiku lina adzayamba kuopa kulira kwa geti bambo ake akamafika. Apongozi ndinawauza akuti ndi zachibwana zisiya zokha, alamu ako nawo akuikira kumbuyo mchimwene wawo, ndiye ndatsala ndekha. Galasi la kabati lija unandigulira paukwati lasweka kale ndi kampira komweko, shuga wakweranso mtengo, pampopi madzi akutuluka 3 koloko m'bandakucha, ndikadzuka kukatunga ndimangoganiza zomwezi.

Agogo akowo poti anamuona akukula uwafunse, anthu akumeneko amawakumbuka bwanji a Peter? Anamwalira mu 2013. Ndipo chimene ndimaganizira kwambiri, Steffi atakwatiwa ndi Agassi mu 2001, uja nayenso anakula ndi bambo ovuta pa tenisi, ana awo awiri sanawakakamize raketi, mnyamata anapita ku baseball. Anthu awiri odziwa bwino njira imeneyi kuposa wina aliyense. Izi ndikufuna ndiwauze usiku uno mwana akagona koma mawu oyambira ndi amene akundisowa, ukudziwa mmene amakhalira akaona ngati ukuwatsutsa, mwina iwe utawaimbira poti amakumvera, ungoyamba ndi za kuzizira kwanuko kenaka

aa batire yafika pa 2, agogowo uwapatse moni, jekete lija unagula kapena ukuzizidwabe