Wochotsedwa chotupa mu ubongo amachirira kunyumba, omusamalira aphunzitsidwe

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndikambe za moyo wa munthu akabwerera kunyumba atamuchotsa chotupa mu ubongo. Tikamva kuti m'bale wathu walowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, mafunso athu onse amakhala a tsiku lomwelo. Yatenga maola angati? Watsitsimuka? Akuzindikira anthu? Akangomutulutsa m'chipatala mitima imakhala pansi, aliyense n'kubwerera ku zake poganiza kuti zatha. Ine ndikusamalira amuna anga amene anachitidwa opaleshoni yotereyi, ndipo ndikunenetsa kuti ntchito yaikulu imayamba tsiku lotulukalo. Imagwera mkazi, mwamuna, mwana kapena mlongo amene sanaphunzirepo unamwino, amene m'manja mwake mwangoikidwa mankhwala ndi kapepala ka tsiku lodzaonananso ndi dokotala.

Chotupa chimene anawapeza nacho madokotala amachitcha meningioma. Chimamera pa nembanemba zimene zimakuta ubongo, ndipo pa zotupa zoyambira m'mutu mwa akuluakulu ndicho chofala kwambiri. Zambiri mwa zotupazi si khansa. Koma chigaza ndi fupa, sichitanuka, choncho chilichonse chomera m'menemo chimapanikiza ubongo, kaya ndi khansa kaya ayi. Kuti achifikire, madokotala anacheka khungu, n'kudula chibenthu cha fupa n'kuchiika pambali. Atachotsa chotupacho anabwezera fupalo pamalo pake n'kuligwiriza ndi tizitsulo ta titanium timene timakhala momwemo mpaka kalekale. Amuna anga analowa ku fiyeta m'mawa, anatuluka kunja kutada. Thupi limene lapirira zimenezi ndi limene ena amayembekeza kuti pakatha sabata ziwiri lidzuke n'kumagwira ntchito ngati kale.

Bala la kunja silinativute kwenikweni. Ulusi kapena timawaya tosokera amachotsa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, tsitsi limamera, chipsera n'kubisika. Diso la mbali yochekedwayo linatupa mpaka kutsekeka, khungu la pafupi ndi bala linachita dzanzi, ndipo poyasamula kapena potafuna nsagwada zinkawawa chifukwa mnofu wotafunira wa pamwamba pa khutu amaucheka pofuna kufika pa fupa. Zonsezi zinatiopsa, koma zinapita zokha.

Chimene sichioneka ndi maso ndi kutopa. Ubongo ndi magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zake zonse, ndiye tangoganizani ubongo umene wagwiridwagwiridwa tsiku lonse ndipo ukuyesetsa kudzikonza. Amuna anga, munthu amene sankadziwa kukhala pansi masana, ankati akasamba n'kuvala, basi mphamvu za m'mawa wonse zatha. Si kutopa kumene kumachoka ukagona usiku umodzi. Kumvetsera anthu awiri akulankhulira pamodzi, kuwerenga uthenga wautali pa foni, wailesi ikulira uku mwana akuitana uko, zonsezi kwa iwo inali ntchito yakalavulagaga. Ndinkaona nkhope ikugwa, mawu akuyamba kusochera, kenako mkwiyo kapena misozi. Kutopa kotereku kumatha kutenga miyezi, ndipo si ulesi.

Apa ndilankhule ndi ife tonse amene timapita kukazonda odwala. Chikondi chanu ndimachiona, ndipo popanda abale ndi anansi sindikanakwanitsa. Koma anthu akadzaza chipinda, aliyense ndi funso lake, wodwala amadzilimbitsa kuti asakukhumudwitseni. Amamwetulira, amayankha, inu n'kuchoka mukuti, "Koma ndiye achira, akuoneka bwinobwino." Chimene simuona ndi mawa lake, mutu ukuphwanya, munthu akulephera ngakhale kukhala tsonga. Pali chizolowezi china chimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti tisiye, chomuyesa wodwala: "Mwandizindikira? Ndine ndani? Tatchulani dzina langa." Nkhope yanu akuidziwa bwino, dzina lokha ndi limene likumuthawa, ndipo funso limenelo limamuvula ulemu pamaso pa ana ake. Mukafika dzitchuleni nokha. Yambani mwafunsa womusamalira ngati tsikulo lili bwino, bwerani mmodzi kapena awiri, mukhale pang'ono. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Pakhomo pa wodwala wotereyu khalanidi mame. Ngati muli ndi chimfine kapena chifuwa dikirani muchire, chifukwa ena mwa mankhwala amene akumwa amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Nkhani za uje amene anachitidwa opaleshoni yomweyi n'kumwalira, zisungeni mumtima.

Mankhwala ndiwo anandisowetsa tulo. Ambiri amatuluka m'chipatala akumwa dexamethasone, wochepetsa kutupa kwa ubongo. Ndi mankhwala othandiza zedi, koma amabwera ndi zawo: njala yosatha, kukhala maso usiku wonse, nkhope kufufuma, kutentha pamtima, kupsa mtima msanga, ntchafu kufooka mpaka kudzuka pampando kumavuta, komanso shuga kukwera ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo shuga. Wodwala akayamba kumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, akamuyeze shuga. Banja likaona zonsezi limafuna kumusiyitsa mankhwalawo. Chonde musatero. Munthu akawamwa kwa kanthawi, thupi limachepetsa kupanga cortisol wakewake, chinthu chachilengedwe chimene chimagwira ntchito yofanana ndi ya mankhwalawo, chifukwa likudalira mapiritsi, ndiye kuwasiya mwadzidzidzi kungamugwetse, n'kuyamba kusanza, BP kutsika, ubongo n'kutupanso. Amachepetsedwa pang'onopang'ono motsata ndondomeko ya dokotala. Ine ndinailemba papepala n'kuimata pakhoma, ndipo akangomwa ndimachonga, chifukwa usiku ukakhala ndi tulo sukumbukira ngati wapereka kapena ayi.

Enanso ndi oteteza kukomoka kwa ngati khunyu, kumene kumatha kubwera chifukwa cha chotupacho kapena chipsera chotsala pa ubongo. Ife anatipatsa levetiracetam. Ena amapatsidwa phenytoin, carbamazepine kapena sodium valproate. Awa safuna kudumphitsa, ndipo musadikire kuti athe musanakatenge ena. Levetiracetam amachititsa anthu ena kukwiya pa zinthu zazing'ono. Mukaona zimenezi uzani dokotala, ali ndi njira yosinthira. Mutu ukamawawa musathamangire aspirin kapena ibuprofen dokotala asanavomereze, chifukwa angayambitse kukha magazi m'kati. Opha ululu amphamvu monga codeine amadzimbiritsa, ndipo kukankha mwamphamvu kuchimbudzi kumawonjezera kupanikizika m'mutu, choncho amwe madzi okwanira ndipo vutolo musalichitire manyazi kulinena. Mowa ayi. Mankhwala ena alionse, a zitsamba ngakhale ogula ku famase, yambani mwafunsa.

Kukomoka kukachitika, musamuike supuni, chala kapena nsalu m'kamwa. Munthu sameza lilime lake, ndipo zoika m'kamwazo ndi zimene zimathyola mano ndi kutsamwitsa. Chotsani zimene zingamuvulaze, ikani chofewa pansi pa mutu, musamupanikize, ndipo kugwedezeka kukaleka mugonekeni chammbali. Yang'anani wotchi. Kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala. Ngakhale kutakhala kwa kanthawi kochepa, adokotala amve tsiku lomwelo.

Funso limene linkandizunza kwambiri linali lakuti, nanga ndidziwa bwanji kuti uku n'kutopa chabe kapena china chalakwika m'mutu? Namwino wina anandipatsa muyeso umene ndaugwiritsitsa. Wotopa ukamudzutsa amadzuka n'kuyankha zomveka, ngakhale monyinyirika. Wovuta kudzutsa, kapena wodzuka n'kumalankhula zosokonekera, ameneyo asayembekeze kuche. N'chimodzimodzi ndi mutu wowawa mowonjezereka wosamva mankhwala, kusanza kobwerezabwereza, kutentha thupi, khosi kuuma, bala kufiira kapena kutuluka mafinya, mkono kapena mwendo kufooka mwatsopano, pakamwa kupotoka. Mukaona madzi oyera mbuu opanda mtundu akudontha pabala kapena m'mphuno musati ndi thukuta kapena chimfine. Angakhale madzi amene amazungulira ubongo, ndipo pamene akutulukirapo ndi pomwenso majeremusi angalowere. China chimene ambiri sachilumikiza ndi opaleshoni ya m'mutu ndi mwendo. Mwendo umodzi ukatupa, katumba n'kumawawa, kapena munthu akayamba kubanika ndi kumva kubaya m'chifuwa, angakhale magazi oundana m'mitsempha, vuto limene odwala zotupa za mu ubongo limawagwera kawirikawiri kuposa anthu ena.

N'chifukwa chake kumugoneka tsiku lonse si kumukonda. Ayende pang'ono kangapo patsiku, poyamba m'nyumba momwemo wina ali pambali, kenako panja, mtunda ukuwonjezereka malinga ndi mphamvu. Pogona mutu ukhale chokwera pa mapilo. Zolemera asanyamule, asawerame nthawi yaitali, asayendetse galimoto kapena njinga mpaka dokotala atalola, ndipo asakhale yekha pafupi ndi moto, madzi akuya kapena pamalo okwera. Ngati anamulembera mafizo, apite, ngakhale tsiku limene safuna.

Chondipweteka koposa sichinali chilichonse mwa izi. Chotupa cha amuna anga chinali chakutsogolo, mbali ya kumanzere. Ubongo wakutsogolo ndi umene umathandiza munthu kudziletsa, kukonza zochita ndi kuyamba ntchito, ndipo kwa anthu ambiri kulankhula kumayendetsedwa ndi mbali ya kumanzere. Ankafuna kunena kuti kapu, pakamwa n'kutuluka mawu akuti mpando, iwo akudziwa bwino lomwe kuti alakwitsa. Tsiku lina ankakhala m'mawa wonse osayamba kanthu, osati chifukwa chokhumudwa, koma mtima woyamba chinthu sunkabwera. Munthu wofatsa uja ankatha kumukalipira mwana chifukwa chomenyetsa chitseko. Achibale ena anayamba kunong'ona kuti asintha mtima, ena n'kumati akunyada. Ndinakhala pansi ndi ana n'kuwauza kuti bambo awo sanasiye kuwakonda, koma pamene panachotsedwa chotupa ndi pomwe pamagwira zingwe za mkwiyo ndi mawu, ndipo sipanapole. Pakhomo tinagwirizana kuti tizinena chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, tizidikira yankho osawamalizira mawu pokhapokha atapempha, ndipo zofunika kukumbukira zizilembedwa m'kope. Ubongo umatha kutsegula njira zina m'malo mwa zowonongeka, koma umatero pa liwiro lake. Kusintha sindinkakuona tsiku ndi tsiku. Ndinkakuona ndikayerekeza mwezi uno ndi watha. Lero amacheza, amaseka, amawerenga, ngakhale madzulo akatopa mawu amawathawabe. Chisoni cha wodwala chikakhazikika, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, n'kumanena kuti kuli bwino akanangofa, amenewo ndi matendanso ofunika dokotala, osati kumudzudzula kuti sakuyamika.

Ndikumbutsenso za ulendo wobwerera kuchipatala, umene ena amausiya akaona kuti munthu wayamba kuyenda. Chidutswa cha chotupa amachitumiza ku labotale, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimanena mtundu ndi ukali wake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaika zotupa za mu ubongo m'magulu kuyambira 1 mpaka 4, ndipo meningioma imakhala pakati pa 1 ndi 3. Gululo, pamodzi ndi kukula kwa chimene chinatsalira, ndi zimene zimauza madokotala ngati pakufunika radiotherapy, chithandizo chopha zotsalira za chotupa ndi cheza champhamvu cha makina, kapena kungoyang'anira. Ngakhale chotupa chosakhala khansa chimatha kumeranso patapita zaka, n'chifukwa chake sikani ya MRI imabwerezedwa. Zotsatira zikachedwa zifunseni, ndipo mapepala onse musunge pamodzi.

Kwa anzanga osamalira odwala ndingoti, nafenso tili ndi thupi. Wina akafunsa kuti athandize chiyani, musati zonse zili bwino. Muuzeni abwere adzakhale ndi wodwala masana amodzi inu mugoneko. Mabwana akuntchito nawonso amulole munthu wotereyu kubwerera pang'onopang'ono, maola ochepa poyamba, m'malo momuuza kuti asankhe pakati pa tsiku lathunthu ndi kuchotsedwa.

Pempho langa lalikulu likupita kwa madokotala ndi anamwino, amene ndikuwathokoza chifukwa cha moyo wa bambo a ana anga. Ndikudziwa kuti odwala ndi ambiri ndipo manja ndi ochepa. Komabe zambiri zimene ndalemba panozi ndinazitola apa ndi apo, zina nditaopsedwa kale. Musanamutulutse wodwala, khalani pansi ndi amene akukamusamalira, osati wodwala yekha, chifukwa iyeyo akafika kunyumba theka la zimene mwanena amakhala ataiwala. Mupatseni pepala limodzi m'chilankhulo chimene amawerenga, lokhala ndi ndondomeko ya mankhwala, zizindikiro zoti akaziona abwere msanga, ndi nambala ya foni imene ikaimbidwa usiku wina amayankha. Kenako mumupemphe abwereze ndi pakamwa pake zimene wamva, asananyamule chikwama.

Ine,
Mayi wosamalira wodwala