Kalata yopita ku Joni

Mnzanga,

Kalata yako andipatsa Angozo Loweruka pa Wenela, pamodzi ndi nsapato zija. Zikomo kwambiri, ngakhale n'zazikulu ngati za mlonda. Zaka zitatu zokha waiwala kale phazi langa? Ukuti pepala lako lokhalira kumeneko likukusowetsa tulo. Kunonso ku Makata pepala la munthu wina landizunguza mutu.

Makina athu opangira mabotolo anaima mu Juni. Amene amawadziwa m'kati ndi mkulu wina wa ku Bulawayo, ndiye abwana anati ndimuyendetsere TEP, chiphaso chija chololeza mlendo kugwira ntchito zaka ziwiri. Lamulo sindikulitsutsa ayi. Tinalengeza ntchitoyo m'nyuzipepala kuti ngati alipo Mmalawi woitha abwere. Tinalembanso dzina la mwana wa Anaphiri kuti azidzaphunzira pambali pa mkuluyo mpaka adzaitenge ntchitoyo. Zimenezo ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse.

Koma kayendedwe kake, aise! Masatifiketi ndapereka, kalata ya dokotala ndapereka, ya apolisi akwawo yoti alibe mlandu ndaperekanso. Ku ofesi ya Imigireshoni ija ndapitako kasanu. Tsiku lina akuti netiweki palibe, lina akuti osaina ali ku Lilongwe. Dzulo ndaima pamzere kuyambira m'mawa, pofika pawindo akuti fotokope ya pasipoti yada, nkhope sikuoneka. Ndinaisuzumira ndekha padzuwa: maso alipo, mphuno ilipo, ngakhale kachipsera ka pamphumi kakuoneka. Fotokope imeneyo yandikhala pamtima. Usiku ndimangoti, nanga akamadzailandira ina n'kunena kuti kalata ya apolisi yakalamba? Si ndiye kuyambiranso kumeneko? Mwiniwakenso sangabwere kudzadikirira kuno, ayenera kukhala kwawo mpaka chiphaso chituluke. Envulopu yakhaki ija yachita kufewa ngati nsalu ndi thukuta la m'minibasi.

Chondiwawa n'choti anyamata 14 ali pakhomo osalandira kanthu. Atate ake a Chisomo anandipeza pamsika wa Ndirande, sanandifunse chilichonse, anangondigwira dzanja nthawi yaitali. Pepala tikudikirali ndi la mlendo, koma nsima yasowa m'nyumba zathu zomwe. Makinawo tawafunditsa lona, akangaude amangapo kale.

Agogo a ku Chilomoni anatisiya mwezi watha, tinakawaika ku Chiradzulu. Madzi kwathu sakutuluka sabata ino, ndipo wofotokopa uja wakwezanso mtengo, chonsecho inki yake ndi yomweyo yodetsa nkhope za anthu.

Mng'ono wako akulimbikira zobwera kumeneko. Umuuze wekha kuti masiku 30 amene amadinda pa Beitbridge ndi ochezera, si ogwirira ntchito, ine ndamuuza sakundimva. Magetsi azima, kandulo yatsala pang'ono, ndipo Angozo akunyamuka m'bandakucha. Za nsapato zija, ukadzapeza zocheperako, ndimati mwina izi ndiwapatse atate ake a Chisomo.