Ndodo imene tinaizika pabwalo la sukulu

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Sukulu tatsekera Lachisanu lapitali, ndipo lero ndadzuka popanda mulu wa makope ondidikira patebulo, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino. Za pafoni zija sizikwanira pa nkhani imene ndili nayoyi. Ndilinso ndi pempho, koma liyambe ladikira, mumve kaye kumene lachokera.

Mukukumbukira tili ku koleji, mmene tinkalumbirira kuti ife sitidzakhala aphunzitsi ongodzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumakopera chinunu? Ndikuuzeni zoona, ine ndinali nditafika pomwepo. Silabasi imakuthamangitsa, ana ndi ochuluka, mayeso saachedwa kufika, ndipo choko chimakhala chapafupi kuposa china chilichonse. Teremu ino ndinati ndiyese chinthu chimodzi chokha ndi ana anga a Sitandade 6, chosalira ndalama, koma ndichigwire mpaka potsekera. Chinthucho chinali ndodo.

Tinasankha ndodo yowongoka n'kuizika pamalo osalala pakati pa bwalo, kumtunda kutatsala mita imodzi ndendende. Pofuna kuona ngati yaima chilili, tinamangirira kamwala ku ulusi n'kukalendewetsa m'mbali mwake. Ntchito ya ana inali yoyeza chithunzithunzi cha ndodoyo ola lililonse, kuika kamwala pamene chathera, n'kulemba m'kope nthawi ndi kutalika kwake. Ndinawagawa m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lake.

Sabata yoyamba inali chipwirikiti. Ena ankaiwala, ena ankayeza tepi ili yopindika, ndipo ana a makalasi ang'onoang'ono anaizula ndodoyo kawiri kukaseweretsa. Mnzanga wina wa pantchito anandifunsa mwachikondi ndithu ngati zimenezi zidzabwere pamayeso. Ndinalibe yankho lomukhutiritsa, ndipo usiku umenewo ndinaganizapo zongosiya.

Amene anandibweza ndi mtsikana wina wokhala kumbuyo kwenikweni, amene akubwereza kalasi, ndipo chaka chonse chatha sindinamuonepo atakweza dzanja. Tsiku lina anabwera patebulo panga ndi kope lake atalikumbatira pachifuwa, nati ndi mawu apansipansi, "Madamu, wonama ndi ndani, wotchi kapena dzuwa?" Ine ndinali nditawauza kuti chithunzithunzi chimafupika kwambiri nthawi ikakwana 12 koloko. Iye, popanda womutuma, anakhala akuyeza mphindi zisanu zilizonse kwa masiku atatu, ndipo anapeza kuti chimafika pofupikitsitsa 12 koloko isanakwane, ndipo belu la 12 likamalira chimakhala chitayamba kale kutalikanso. Manambala ake anali m'mizere yoongoka bwino, pensulo yake yaifupi ngati chala. Achemwali, pang'onong'ono ndikanamuuza kuti walakwitsa poyeza. Mawuwo anali atafika kale pamlomo. Ndinawameza, ndinapita naye pabwalo mawa lake, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti mwanayo akunena zoona.

Ndinakafufuza n'kudzawafotokozera onse. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi 4. Mawotchi a dera lalikulu amaikidwa kuti azitsatira mzere umodzi wa pamapu, choncho amene ali kum'mawa kwa mzerewo dzuwa limawafika paliwombo 12 isanakwane, pamene a kumadzulo limawafika itadutsa. Kuwonjezera apo, nthawi imene dzuwa limafika paliwombo imasunthasuntha m'kati mwa chaka, mpaka mphindi pafupifupi 16, chifukwa dziko ndi lopendekeka ndi madigiri 23.5 ndipo njira imene limayenda pozungulira dzuwa si yozungulira ndendende. Tinatseka mawindo ndi nsalu, tinamata kamtengo ka machesi pa mpira, mwana wina n'kuunikira ndi tochi, ndipo onse anaona kachithunzithunzi kakutalika, kufupika, n'kutalikanso mpirawo ukamatembenuzidwa. Ndinanena pamaso pa kalasi yonse kuti ine ndinalakwitsa ndipo amene wandikonza ndi mnzawoyo. Kuyambira tsikulo tepi yoyezera ankasunga ndi iye, ndipo palibe anatsutsa.

Pakati pa teremu tinapita kukaona malo oyezera zanyengo. Za makalata opempha chilolezo kwa makolo, za basi imene inafika mochedwa, za kuwerenga mitu pokwera ndi potsika, mukuzidziwa, sindikutayitsani nazo nthawi. Bambo amene anatilandira anali munthu wofatsa, wosapupuluma poyankha ana. Anayamba kutionetsa kabokosi koyera ka mipata m'mbali, koimikidwa pamiyendo kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, kamene amakatchula kuti Stevenson screen. M'katimo ndi mmene mumakhala zoyezera kutentha. Ana anadabwa kuti choyezera kutentha akuchibisa kudzuwa. Iwo anawauza kuti chimene amafuna ndi kutentha kwa mpweya, osati kwa galasi lowotchedwa ndi dzuwa, n'chifukwa chake bokosilo ndi loyera ndipo mphepo imadutsa momasuka. Anatiuzanso kuti oyeza zanyengo m'maiko onse amawerenga zipangizo zawo pa maola ofanana, kuti manambala awo athe kuikidwa pamapu amodzi.

Koma chimene chinawagwira mtima ndi mpira wagalasi, waukulu ngati zibakera ziwiri, wokhazikidwa pa chitsulo chopindika, kuseri kwake kuli kapepala kolimba kolembedwa maola. Galasilo limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi n'kumawotcha kapepalako pang'onopang'ono dzuwa likamayenda. Mtambo ukadutsa, mzere wopsererawo umaduka. Madzulo amayeza kutalika kwa mzerewo n'kudziwa maola amene dzuwa lawala. Ana anawerama mozungulira, mitu ikugundana, kuyang'ana kadontho kowala ndi kautsi kochepetsetsa kamene kankatuluka. Mnyamata wina anafuula kuti, "Imeneyitu ndi ndodo yathu ija, koma iyi ikulemba yokha!" Bambo aja anafunsa kuti ndodo yanji, ndipo ana anayamba kulimbirana kuwafotokozera. Ine ndinangoima kumbuyo, misozi ili m'maso.

Pa choyezera mvula anatiphunzitsa kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Titabwerera tinayeza chipinda chathu, mamita 8 kwa 7, ndipo ana anapeza okha kuti mvula ya mamilimita 10 imagwetsa malita 560 pa malo aakulu choncho. Samu ngati imeneyi ndikanailemba pabolodi theka la kalasi likanangondiyang'ana. Kenako panabuka mkangano umene unatenga masiku: kodi chitini chachikulu kukamwa ndi chaching'ono, zikakhala pamvula imodzi, madzi adzafika pofanana? Ambiri ankati m'chachikulu adzakwera kwambiri poti chikulandira madontho ochuluka. Sindinawauze. Tinaika zitini ziwiri zoongoka m'mbali, mvula itagwa tinaviika rula, ndipo madzi anali pamlingo umodzi. Amene anagonja anavomera okha, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anapeza chifukwa chake: chachikulu chalandira madzi ambiri, inde, koma chilinso ndi pansi potambalala poti madziwo ayale.

Za chikhalidwe zinalowa mwa njira imene sindinaikonzekere. Ndinawapatsa ntchito ya kunyumba yojambula mwezi tsiku lililonse, ndipo anapeza kuti kuchokera pamene waoneka kufika pamene udzaonekenso pamapita masiku 29 ndi theka. Wina anafunsa chifukwa chimene mawu akuti mwezi amatanthauza uja wa kumwamba komanso uwu wa pakalendala, chonsecho masiku ake safanana. Pamenepo mnyamata wina wachisilamu, amene anzake ankamuseka kuti chikondwerero cha kwawo sichikhazikika, anaimirira n'kufotokoza kuti kalendala yawo imatsatira mwezi weniweniwo. Miyezi 12 yotero imakwana masiku 354 kapena 355, kuperewera ndi masiku pafupifupi 11 pa chaka cha dzuwa, n'chifukwa chake Ramadan imabwera mofulumirirapo chaka chilichonse. Tinachita samuyo pabolodi, 29.5 kuchulukitsa ndi 12, ndipo inatuluka 354. Kusekako sindinakumvenso.

Tinapitiriza kufufuza mmene anthu ena amawerengera chaka. Ku Ethiopia ali ndi miyezi 12 ya masiku 30, kenako mwezi wa 13 wa masiku 5 kapena 6 wotchedwa Pagume, ndipo chaka chawo chimayamba mu Seputembala. Ku China chaka chatsopano chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, motsatira mwezi. Mphindi 60 za mu ola ndi madigiri 360 aja tinatengera kwa anthu a ku Babulo, amene ankawerenga m'magulu a 60. Imene inawazunguza mitu ndi ya kalendala yathuyi: mu 1582 Papa Gregory XIII anaikonza poti inali itasiyana ndi dzuwa, ndipo ku Rome anthu anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. Ana anafunsa kuti masiku khumiwo anapita kuti, ndipo nanga amene anabadwa pa 10 Okutobala anatani chaka chimenecho. Ndinawatumanso kukafunsa agogo awo mmene ankadziwira nthawi wotchi kulibe, ndipo ambiri anabwera ndi yankho limodzi, lakuti ankayang'ana chithunzithunzi. Ena anati agogo awo anacheza nawo mpaka usiku, zimene sizichitikachitika.

Ine ndatsimikiza mtima pa chinthu chimodzi. Kuphunzitsa chikhalidwe kwa tsiku limodzi lovala zovala za mitundu ina n'kujambulitsa sikusiya kanthu m'mutu mwa mwana. Chimene chinawasintha ana anga ndi kuona kuti anthu a kutali, ndi a kale, anayang'ana dzuwa ndi mwezi womwewu, anakumana ndi vuto lomwelo la masiku osagawika bwino, ndipo aliyense analithetsa mwanzeru m'njira yake.

Sindikubisirani, mitu iwiri ya m'silabasi sindinaimalize, ndipo ndiyamba nayo tikatsekulira. Pamayeso sipanachitike zozizwitsa. Koma pa masamu a miyeso ndi madesimo ana amene ankalephera akwera moonekeratu, ndipo mtsikana uja wakhoza.

Tsopano pempho lija. Sabata yomaliza ndinawasimbira za Eratosthenes, amene ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, ku Egypt, cha m'ma 240 Yesu asanabadwe. Iye anamva kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, pa tsiku lina la chaka dzuwa la masana limaunika mpaka pansi pa chitsime ndipo ndodo sikhala ndi chithunzithunzi. Pa tsiku lomwelo ku Alexandria, kumpoto kwake, chithunzithunzi chinalipo, ndipo ngodya yake inali gawo limodzi mwa magawo 50 a mzere wozungulira, madigiri 7.2. Anatenga mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo n'kuuchulukitsa ndi 50, napeza mtunda wozungulira dziko lonse, umene lero tikudziwa kuti ndi makilomita pafupifupi 40,000. Nditamaliza, kalasi inali zii. Kenako mtsikana uja anakweza dzanja, nati, "Ndodo tili nayo. Tikusowa munthu wa kutali." Nthawi yomweyo ndinaganiza za inu.

Zimene mungatichitire ndi izi. Pa 19, 20 ndi 21 Malichi, masiku amene dzuwa limakhala pamwamba pa ikweta, mzere wa pamapu wogawa dziko pakati, muzike ndodo yoti kumtunda kutsale mita imodzi, pamalo osalala, ndipo muiyese ndi ulusi wa kamwala kuti yaima chilili. Muyambe kuyeza cha m'ma 11 koloko, mphindi zisanu zilizonse, mpaka muone kuti chithunzithunzi chayambanso kutalika. Mutilembere muyeso waufupi kwambiri wa tsiku lililonse m'masentimita, nthawi yake, ndiponso ngati chinaloza kumpoto kapena kumwera, chifukwa zikaloza mbali imodzi tichotsera ngodyazo, zikaloza kosiyana tiphatikiza. Ndatchula masiku atatu kuopa mitambo, kuti tipeze ngakhale limodzi limene tonse tayeza. Ife tijambula ndodo ndi chithunzithunzi chake papepala, tiyeza ngodya ndi protractor, ndipo mtunda wa pakati pa inu ndi ife, wa kumpoto ndi kumwera wokha, tiupeza pamapu. Ngati ana anu angagwire nawo ntchitoyi zingakhale bwino koposa, ndipo mutitumizire chithunzi chawo ataima pambali pa ndodoyo, poti anga andifunsa kale kuti anzawo a kumeneko ndi otani.

Ndodo yathu ndaizula ndaisunga kuseri kwa kabati m'kalasi, ndipo pamene inali tasiyapo mwala waukulu kuti tidzaibwezere pomwepo. Mundiyankhe msanga ngati mwavomera, kuti tsiku lotsekulira ndidzawauze.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.