Za pepala la ku labotale la amayi

Wokondedwa mnzanga,

Pepala lija ndaliona. Mawu oti positive asakuopse, pa khansa ya m'mawere si onse oipa.

Tayamba ndi ER. Alemba kuti ER positive, kutanthauza kuti maselo a chotupacho amakula ndi mahomoni a estrogen. Apa ndiye pali pogwira, chifukwa alipo mapilitsi otsekereza mahomoniwo. Tamoxifen amamwa tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10, koma poti amayi anasiya kusamba, adokotala akhoza kusankha letrozole kapena anastrozole. Vuto la khansa yamtunduwu n'loti imatha kubwerera ngakhale patadutsa zaka zoposa 10. Asadzasiye mapilitsi poona kuti thupi lili bwino.

Pa HER2, puloteni yomwe ikachuluka imafulumizitsa kukula kwa maselo a khansa, alemba 2+, ndipo apa sipanadziwike chenicheni. Akalemba 0 kapena 1+ ndiye kuti mulibe, 3+ ndiye kuti ilipo, koma 2+ imafunika kuyezanso mwa njira ina ya ku labotale yotchedwa FISH, yomwe imawerenga majini a HER2 m'maselo. Ukumbutse adokotala zimenezi. HER2 ikapezeka, amapereka mankhwala a trastuzumab, kawirikawiri kwa chaka chimodzi, uku akuyeza mtima pafupipafupi popeza mankhwalawa amatha kuufooketsa.

Alembanso grade 2. Grade 2 si stage 2, ambiri amasokoneza pamenepa. Grade, yomwe imayambira 1 mpaka 3, imangonena mmene maselo akuonekera pa maikulosikopu ndi changu chimene akugawikana nacho. Stage ndiyo imanena pamene matenda afika: kukula kwa chotupa, ngati alowa mu anabele a m'khwapa, komanso ngati afalikira kwina. Chotupa chosaposa masentimita 2, m'khwapa muli bwino, chimapereka chiyembekezo chachikulu. Zimenezi zidzaoneka bwino pa pepala la pambuyo pa opaleshoni yochotsa chotupacho. Pomwepo udzayang'anenso margins: akalemba clear ndiye kuti m'mphepete mwa mnofu wochotsedwawo simunapezeke khansa.

Mnofuwo uyenera kulowa mu formalin, mankhwala osungira mnofu kuti usaonongeke, pasanathe ola limodzi chiuchotsereni, n'kukhalamo maola 6 mpaka 72. Mnofu ukachedwa kulowamo, ER ndi HER2 zimatha kuoneka ngati mulibe chonsecho zilimo.

Za CA 15-3, puloteni yomwe amayeza m'magazi ngati chizindikiro cha khansa ya m'mawere, usadye nazo mutu. Imatha kukhala yabwinobwino munthu ali ndi khansa yoyamba kumene, ndipo imakweranso ndi matenda a chiwindi. Imathandiza makamaka potsatira khansa yofalikira kale.

Zotsatira za FISH zikatuluka unditumizire. Upereke moni kwa amayi.

Ine mnzako.