Kalata kwa mnzanga amene ali ku Joni

Chilobwe, Blantyre

Okondedwa achimwene,

Ndikukupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu, ndipo ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo ngakhale zinthu zathina kumeneko. Kuno tonse tili bwino, kupatula chifuwa chimene chagwira ana chifukwa cha fumbi la mwezi uno wa Okutobala. Uthenga wanu wa mawu umene munatumiza pa WhatsApp usiku wa Lachiwiri lija ndinaumvetsera katatu, ndipo ndinaona kuti kukuyankhani ndi timawu tiwiri titatu pafoni kukanakhala kukupeputsani, choncho ndakhala pansi kuti ndikulembereni mofatsa monga tinkachitira kale mafoni asanabwere.

Mwanena kuti ntchito ya zomangamanga ija inatha mwezi wa Juni, kuti abwana anu sanakupatseni malipiro a masabata atatu omaliza, kuti mapepala anu anatha mphamvu kotero mukuyenda mozemba m'misewu ya Johannesburg, ndiponso kuti kwa miyezi inayi simunatumize kalikonse kumudzi. Zonsezi ndi zowawa ndipo sindikuzichepetsa. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene munamalizira, akuti munathimitsa foni chifukwa mulibe nkhope yolankhulira ndi amayi, ndipo munasiya kupita kutchalitchi ngakhale kupemphera kumene chifukwa mukuona ngati Mulungu anakufulatirani, ndipo inunso mulibe kanthu kopita nako pamaso pake. Kalata yonseyi ndikulembera mawu amenewo.

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi ku Limbe kupita ku Chiradzulu kukaona amayi, popeza ndinaganiza kuti si bwino ndikulembereni za mtima wawo ndisanawaone ndi maso anga. Ndinawapeza atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango uja, akupeta nandolo palichero, Buku Lopatulika lawo lachikuto chong'ambika lili pambali atalitsendereza ndi mwala kuti mphepo isatsegule masamba. Titalonjerana, ndinawauza kuti mwalankhula nane. Anaika lichero pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenako funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga akudya mwana ameneyo?" Lachiwiri linali lofuna kudziwa ngati chifuwa chimene chimakuvutani nthawi yozizira chinakusiyani. Ndinakhala nawo mpaka dzuwa litapendeka, tinadya nsima ya nandolo yemweyo, ndipo ndikukuuzani zoona pamaso pa Mulungu kuti nkhani ya ndalama sinatuluke pakamwa pawo ngakhale kamodzi. Potsanzikana anandionetsa nyumba yanu yosafolera ija. Amasesamo m'mawa uliwonse, ngakhale mulibe malata ndipo mumagona mbuzi za eni ake.

Pobwerera m'minibasi muja ndinalingalira kuti vuto lathu ife amene tinakulira pa ganyu ndi lakuti maganizo a ganyu tinalowa nawo mpaka m'tchalitchi. Mukukumbukira mmene tinkapitira m'minda ya anthu nyengo ngati ino yogalauza, mwini munda n'kutiwerengera mizere, ndipo mbale ya chimanga kapena ya gaga inkatuluka pokhapokha ndime yatha. Ukadwala pakati pa ndime, unkabwerera chimanjamanja. Moyo umenewo unatiphunzitsa kuti palibe chaulere, ndipo makolo athu anaonjezera kuti kupatsa n'kuika. Mwambiwo ndi woona pakati pa anthu, koma tikauika pa Mulungu timamusandutsa mwini munda amene waima kumapeto kwa mzere ndi mbale m'manja, kudikira kuti aone ngati tamaliza. Inu mwasiya ndime pakati, osati mwa kufuna kwanu, ndiye mwaganiza kuti ndi bwino mungozemba osaonekera kwa mwini munda.

Tawerenganinso Luka 15 pang'onopang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti nkhaniyo munailoweza ku Sande sukulu. Mwana wamng'ono uja, njala itamukhaulitsa pakati pa nkhumba, anakonza mawu okanena kwa bambo wake, ndipo mawu omaliza anali opempha kuti amulembe ngati mmodzi wa antchito olipidwa. Kunena mwachindunji, ankapita kukapempha ganyu pakhomo pamene anabadwira. Bambo wake anamuona akali patali, anathamanga, anamukumbatira, ndipo mwanayo asanafike pa mawu a ganyu aja bamboyo anali ataitanitsa kale mkanjo wabwino, mphete ndi nsapato. Inu simunalowerere, achimwene, chifukwa thukuta lanu la zaka zisanu ndi chimodzi linaphunzitsa alongo anu awiri ndi kuumba njerwa za nyumba ija. Mwina mukufanana kwambiri ndi mwana wamkulu, amene anakana kulowa m'nyumba n'kuyamba kuwerengera bambo wake zaka zimene anamugwirira ntchito. Chimene chimandikhudza ndi chakuti ana onse awiri ankaganiza mofanana, wina akuti sindinagwire ntchito choncho sindine mwana, winayo akuti ndagwira ntchito choncho ndilipireni, ndipo bamboyo anatuluka panja kawiri tsiku limodzi kukakumana ndi aliyense wa iwo.

Paulo akulemba pa Aroma 5:8 kuti Mulungu anaonetsa chikondi chake pamene Khristu anatifera tikali ochimwa, ndipo Yohane m'kalata yake yoyamba, mutu 4, akuti ife timakonda chifukwa Iye anayamba kutikonda. Ndondomeko imeneyi ndi imene ndikufuna muigwiritsitse, kuti chikondicho chinabwera poyamba, inu musanatumize randi imodzi kumudzi, musanaponye kalikonse m'mbale ya chopereka, musanabadwe n'komwe. Chinthu chimene simunachigule ndi ntchito zanu simungachitaye chifukwa ntchito yatha. Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono ndinene zimene zimandipsetsa mtima. Masiku ano kwachuluka alaliki, kuno ngakhale kumeneko, amene amauza anthu osauka kuti afese mbewu ya ndalama kuti mwayi wawo utseguke, ndipo zinthu zikakanika amati chikhulupiriro chinachepa. Ngati munapitako kwa oterewa, monga ndikuganizira kuchokera m'mawu anu ena, dziwani kuti anakugulitsani Mulungu wa ganyu, ndipo bala limene muli nalo mumtima mbali ina analikulitsa ndi iwowo.

Munatchulanso mwamanyazi kuti mwayamba kumwa kuti mupeze tulo. Sindikubisirani, zimenezo zandidetsa nkhawa, ndipo chikondi chimene ndikunenachi sichitanthauza kuti Mulungu amavomereza chilichonse chimene tikuchita. Koma taonani mmene Ambuye anachitira ndi Petro pa Yohane 21, munthu amene anamukana katatu n'kubwerera kukagwira nsomba. M'bandakucha, Petro ndi anzake atachezera usiku wonse panyanja osapha kanthu, anapeza Yesu atasonkha kale moto wamakala pagombe, nsomba ili pamoto ndi mkate pambali, monga momwe asodzi a ku Mangochi amaotchera usipa akangokocheza bwato. Anawaitana kuti adye kaye. Atatha kudya ndi pamene anamufunsa Petro katatu ngati amamukonda, ndipo kenako anamupatsa ntchito yoweta nkhosa zake. Chakudya chinayamba, funso lolasa mtima linabwera pambuyo. Nanenso nkhani ya mowayi tidzaikamba bwino, koma sindikufuna muganize kuti muyenera kusiya kaye kuti muyenere kugwada. Gwadani momwe mulilimo, fungo la mowa lili m'kamwa, ndipo mphamvu yosiyira idzachokera komweko.

Tsopano ndinene za chiyembekezo, popeza munati simukuona kutsogolo. Inu munali kale kumeneko pamene namondwe wa Freddy anatigwera mwezi wa Malichi 2023, ndipo sindinakufotokozereni zonse chifukwa panthawiyo pakamwa panga panali polemera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba kuno ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Ife tinapulumuka, koma khoma la kuchipinda kwa ana linagwa, ndipo banja limene tinkapemphana nalo moto ndi mchere linapita lonse. Tinakhala masabata angapo pamsasa, m'kalasi ya pasukulu ina, mabanja ambirimbiri m'chipinda chimodzi. Ine amene anthu amanditcha mkulu wa mpingo ndinalephera kupemphera. Anthu akandipempha kuti nditsogolere pemphero la madzulo ndinkanamizira mutu.

Pamsasapo panali mayi wina wachikulire wa Mvano amene anataya zidzukulu ziwiri. Tsiku lililonse kusanayere bwino ankatuluka, n'kuika mafuwa atatu kuseli kwa kalasi, n'kuyamba kulimbana ndi nkhuni zonyowa, akuuzira mpaka maso kufiira ndi utsi, kuti ana amwe phala. Moto ukagwira ankaimirira, n'kupukuta manja pachitenje, n'kunena mawu amodzi okha kuti, "Kwacha." Sankalalikira munthu. Tsiku lina ndinamufunsa kumene akupeza mphamvu, ndipo anandiyankha kuti za mawa alibe, ali ndi za lero zokha, ndipo za lerozo wazipeza podzuka. Usiku umenewo ndinabwereka Baibulo n'kutsegula buku la Maliro, mutu 3, ndime 22 ndi 23, pamene akunena kuti chifundo cha Yehova sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Mavesi amenewa timakonda kuwaimba pa zikondwerero, koma timaiwala kuti analembedwa pa mabwinja a Yerusalemu, Ababulo atawotcha mzinda ndi kachisi cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, ndipo m'buku lomwelo muli ana okomoka ndi njala m'misewu. Wolembayo sanali munthu wokhuta, anali ngati mayi uja wa pamafuwa.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumvetsa nkhani ya mana pa Eksodo 16 mwanjira ina. Aisraeli anauzidwa kutola muyeso wa tsiku limodzi pa munthu aliyense, ndipo amene anasungako kuti adye mawa anapeza atagwa mphutsi ndi kununkha, kupatula pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatola wa masiku awiri chifukwa cha Sabata. Anadya motero zaka 40. Kale ndinkaona ngati Mulungu anawaumira, popeza ife Amalawi mtima umakhala pansi tikaona nkhokwe yodzaza kapena matumba ataunjikidwa pakona. Koma chiyambire pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako chilala cha 2024 n'kupsereza minda, mabanja ambiri m'tauni muno, langa lomwe, taphunzira kudya za walkman, kajumbo kaufa kokwana nsima imodzi kamene timagula madzulo pamsika pamodzi ndi kamulu ka makala ndi ka bonya. Mukanakhala kuno mukanaseka kuona ine, ndi jekete langa la Lamulungu, ndikubwera nako kajumbo kameneko m'manja. Sindikunena kuti umphawi ndi wabwino, ndipo ndimapempherabe kuti tsiku lina ndidzagulenso thumba lathunthu. Koma ndikawerenga masiku amene ndinagona ndikuti mawa sitidya, n'kuwerenganso masiku amene sitinadyedi, ndimapeza kuti oyambawo ndi ochuluka kutalitali. Ambuye potiphunzitsa kupemphera pa Mateyu 6 anati tipemphe chakudya chalero, ndipo m'mutu womwewo anati tsiku lililonse likwanire ndi mavuto ake.

Inu mukufuna chiyembekezo cha thumba lathunthu, chokhala ndi ntchito, mapepala, malata a nyumba ndi ulendo wobwera kumudzi pa Khirisimasi mutanyamula katundu padenga la basi, ndipo poti simukuchiona mwati chiyembekezo palibe. Sindingakulonjezeni kuti ntchito ipezeka mwezi uno, ndipo ndikanama ndikatero. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Mawa mukadzuka, musanayambe kuwerengera ngongole ya lendi, nenani Pemphero la Ambuye m'Chichewa chathu, mokweza, ngakhale mtima usakumva kanthu. Kenako sambani, tulukani, kafunseni ntchito malo amodzi kapena awiri, ndipo Lamulungu mukafunefune Amalawi anzathu amene amasonkhana kumeneko, mukakhale kumbuyo ngati mukuchita manyazi, popanda choponya m'mbale. Ndipo ngati zitafika poti kubwerera kumudzi ndiye nzeru, bwerani ndi kachikwama kamodzi komweko. Anthu adzalankhula sabata imodzi kapena ziwiri, monga mwa chizolowezi chawo, koma mvula ikagwa aliyense adzatanganidwa ndi munda wake.

Ndagwirizana ndi mlongo wanu wamng'ono kuti Lamulungu likudzali, akaweruka kutchalitchi cha m'ma 1 koloko masana, adzakhala pafupi ndi amayi foni ili m'manja, yodzaza moto. Mayunitsi ndamugulira kale, choncho inu mungoyatsa foni yanu, adzaimba ndi iyeyo. Musakonze mawu opepesa ataliatali, chifukwa ndikuwadziwa amayi, adzakudulani pakamwa n'kukufunsani za chifuwa chija. Anandipatsira nandolo wouma wokwana mbale ziwiri ndi kathumba ka ufa woyera kuti ndikutumizireni, ndipo ine ndaonjezapo usipa ndi botolo la tsabola wa Nali. Pali mnyamata wina wa mumpingo mwathu amene akwera basi yodzera ku Mwanza ndi Tete sabata yamawa, ndiye munditumizire malo amene angakupezeni mosavuta.

Alamu anu akupereka moni, ndipo ana akufunsa kuti amalume a ku Joni adzabwera liti.

Ine mnzanu ndi mbale wanu mwa Ambuye.